Tsamba Lomwe Sindinalembe

Tinamusankha pabwalo la sukulu ku Mpondasi
poima pamzere kumbuyo kwake,
dzuwa la Okutobala likuwotcha mapazi m'mapatapata.
Wowerenga anatigwira paphewa mmodzimmodzi
mpaka zana limodzi ndi makumi anayi.
Che Mdoka atacheuka kuona kamzere kawo
anachoka osagwira munthu chanza.

Abiti Saujati, wokazinga zitumbuwa pafupi ndi nsanja ya wotchi,
anakhala wapampando wa komiti yoyang'anira apolisi.
Ine anandipatsa ulembi
poti ndinali ndi mabolopeni awiri.

Lolemba lililonse tinkalowa m'chitokosi.
Iye ankawerenga mitu, ine n'kumalemba:
anthu khumi ndi asanu ndi awiri,
chidebe chimodzi,
zenera laling'ono ngati chikhatho.
Aliyense ankamufunsa, walowa liti iwe?
Wakabaza wina anati Lachinayi.
Lachinayi liti?
Mnyamatayo anayang'ana khoma
pomwe anakanda timizere ndi chikhadabo.

"Belo ya apolisi ndi yaulere!"
Ankaifuula pakauntala ngati akuitanira malonda,
Sajeni Kaliwamba n'kumafufuza m'kaundula
chinthu chomwe munalibe.
Njinga makumi awiri zomwe zinkadya dzimbiri kuseri kwa ofesi
zinabwerera kwa eni ake.
Imodzi inatuluka yopanda chishalo.
Anapitanso katatu kukalonjerera chishalocho
mpaka chinapezeka.

Chaka chachitatu mzere wake unakafika pamjigo.
Kenaka kunabwera magalimoto a magalasi akuda,
nsalu zosindikizidwa nkhope,
ndi mawu ofewa akuti mayi, ukhansala ukukuyenerani.
Pamaliro anayamba kumuyalira mpando kutsogolo.
Chiwaya anasiyira mwana wa mchemwali wake.

Ndiye usiku wina wa mvula, Disembala,
Twaliki, mwana wa mlongo wake,
anagwidwa pamlatho ndi injini ya boti la eni
pamodzi ndi mnzake wa ku Katuli.
Kutacha, Twaliki anali pakhonde akupemerera tiyi.
Mnzakeyo analibe azakhali.

Lolemba tinapita monga mwa masiku onse.
Sajeni Kaliwamba anatitsegulira yekha chitseko
akumwetulira, koyamba m'zaka zinayi.
Wapampando anawerenga mitu.
Atafika pa mnyamata wa ku Katuli
sanamufunse kuti walowa liti.
Ndinatsegula buku.
Anaika dzanja patsamba,
dzanja lija la zipsera za mafuta otentha,
nati chapansipansi, lero usalembe.
Ndinavundikira bolopeni.
Zimenezo ndinachita ndine, palibe anandigwira mkono.

Ukhansala unamuphonya ndi mavoti makumi atatu.
Ena amati anagonja ndi ndalama za mnzake,
ena amati nkhani ya Twaliki inakwera kabaza
n'kukafika ku M'baluku iye asanafikeko.
Komiti ili ndi wapampando wina tsopano.
Amawerenga mitu ataima pakhomo,
kampango kali pamphuno.

Iye anabwerera pachiwaya.
Akabaza amaima, amagula,
ena amamutchulabe wapampando, osati mwachipongwe.
Wa chishalo uja amamutulira nkhuni Loweruka
ndipo ndalama amakana.

Buku lili kwa ine, m'sutikesi kunsi kwa bedi,
pamodzi ndi makadi a sikelo a ana.
Masamba mazana awiri odzaza mayina,
masiku, zidebe, mabala a m'miyendo,
ndi limodzi loyera pakati,
lokhala ndi kadontho ka mafuta pangodya.
Njenjete zayamba kudya chikuto.
Tsamba limenelo sizinalikhudze.

Dzulo ndikugula zitumbuwa za mazana asanu
anandifunsa, maso ali m'chiwaya,
mnyamata wa ku Katuli uja, dzina lake anali ndani?

Ndinati sindinalembe.

Anatembenuza chitumbuwa
chomwe chinali chitapsa kale mbali zonse,
nachitembenuzanso.